Masamu a ku Moatize

Malipiro akagwa, foni n'kunjenjemera m'thumba,
anzanga amathamangira shapa wopita ku Tete
kukatsuka fumbi la malasha kummero.
Ine ndimapalasa njinga yanga ya mabuleki a chidendene,
kufika kunyumba, kutsegula kabuku
kamene chikuto chake chidada ndi zala zanga.

M'menemo mulibe chobisika.
Sopo, theka la mtanda.
Mafuta ophikira, kabotolo kamodzi.
Kapenta, chitini, atifikitse Lachinayi.
Nyama ya mbuzi yowotcha m'mbali mwa msewu
timangoidya ndi mphuno, podutsa.

Ndili ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi.
Zikakwana makumi anayi ndi zisanu
ndikabweza chisoti, jombo ndi chiphaso cha pageti
mapapo anga onse awiri ndikadali nawo.

Ku Domwe munda ndidagula kale,
uli ndi dambo kumunsi, mitengo itatu ya mapichesi,
ndi mphepo ya mu Juni yoluma makutu.
Njerwa zikwi zisanu ndi zitatu zidapsa chaka chatha.
Malata khumi ndi anayi akugona kunsi kwa bedi la mlamu.
Dzuwa la kuno likamasungunula phula pamsewu
ine ndimakhala ndikudzala kachewere m'mutu.

Kuntchito amati ndine woumira,
ati ndalama ikalowa m'thumba mwanga imaiwala dzuwa.
Asekeni.
Bambo Jervaziyo, amene adandiphunzitsa chiwongolero
cha chigalimoto chotalika kuposa nyumba yanga,
adadikira penshoni mpaka imvi.
Adailandira miyezi isanu.
Chifuwa chidatenga yotsalayo,
ndipo suti imene adagulira tsiku lotsanzikana ndi kampani
ndi yomwe tidawaveka m'bokosi.

Komatu thumba langa lili ndi mabowo osasokeka.
Maliro a azakhali ku Ulongwe, mametikali zikwi zinayi.
Mphwanga wagunda ng'ombe ya eni ndi njinga yamoto.
Chibale n'fupa, sichiwola, ndikudziwa,
koma fupa lakelo ndi lomwe likunditafuna.
Ernestina sadandaula mokweza.
Amagulitsa mafilizesi a malambe pageti la sukulu,
Loweruka n'kukaponya shitiki ndi amayi anzake,
ndipo chitenje chake cha ku tchalitchi
maluwa ake adathawamo kalekale.

Ndiye sabata yatha Selesiti, wa zaka zisanu ndi zinayi,
adabwera ndi kapepala kochokera kwa aphunzitsi:
kalasi yonse ikupita ku Songo kukaona damu,
mwana aliyense mametikali mazana asanu ndi limodzi.
Ndidati madzi ndi madzi,
a mu Revubwe sakukwana kuona?
Sadalire.
Adapinda kapepalako kanayi, n'kukatsuka mbale.

Usiku, potsegula kabuku,
pansi pa sopo, pansi pa kapenta,
ndidapeza mzere wa pensulo, zilembo zopendekera:
Selesiti, 0.

Ndidakhala pakhonde mpaka sitima ya malasha
idadutsa yonse, ngolo ndi ngolo,
ine amene ndimawerenga chilichonse osaziwerenga.
Tsiku limene ndidzavule chisoti
iyeyu adzakhala ndi zaka khumi ndi zitatu.
Damu lidzakhalapobe, inde.
Wa zisanu ndi zinayiyu ndiye sadzakhalapo.

M'mawa ndidamupatsa mazana asanu ndi awiri,
lapamwambalo la fanta ndi buledi wa m'njira.
Ziro uja sindidafufute.
Ndidangolemba pambali pake,
kenaka ndidatsegula tsamba lomaliza
pamene pali tsiku langa lopuma
n'kulikankha ndi sabata imodzi.

Lakankhidwapo kale kasanu ndi kawiri.
Pepala layamba kubooka pamenepo.
Mawa ndili pa shifiti ya usiku,
ndipo tayala lakumbuyo la njinga likutaya mpweya,
ndilimata kachinayi.